Kakhoma ka M'munda wa Chimanga

Mutu wa Zimbabwe wakale ndinauphunzitsa zaka zambiri moti ndikanatha kuuphunzitsa nditatsinzina. Unkafika nyengo yotentha, fodya atatha kugulitsidwa, malata a kalasi akuthetheka ndi dzuwa, ana akusinza kukamwa kuli yasa. Buku linali la Chingerezi ndipo linali limodzi lokha, langalo. Ndinkawerenga chiganizo, n'kuchimasulira, n'kuchilemba pa bolodi. Kunali mzinda waukulu wa makoma amiyala, miyala yongosanjika popanda matope kapena simenti. Kunali mafumu, ng'ombe zosawerengeka, ndi golide wopita kwa amalonda a kunyanja yamchere. Kenaka nthaka inaguga, mitengo inatha, msipu unatha, amalonda anasintha njira, anthu n'kusamuka. Ana ankabwereza pambuyo panga ngati nyimbo ya Sande sukulu, ndipo pa mayeso zifukwazo ankazilemba bwinobwino. Palibe mwana amene ankawamvera chisoni anthu amenewo. Inenso sindinkawamvera.

Sukulu yathu inali pa njira yafumbi yopatuka usanafike pa Mtunthama, pakati pa midzi ndi esiteti ina ya fodya. Kalasi yanga inali ya mitundu iwiri. Kunali ana a m'midzi, amene makolo awo ndinkakumana nawo ku tchalitchi ndi kuchigayo, ndipo kunali ana a matenanti, mabanja obwera pa lole kuchokera kummwera kudzalima fodya wa mwini esiteti. Mwana wa tenanti unkamudziwira m'manja, zala zakuda ndi utomoni wa fodya umene sopo sautha. Nthawi yothyola ndi yosoka fodya ankasowa, kenaka n'kutulukira ngati sipanachitike kanthu. Ena ankapita osabweranso. Poyamba ndinkafunsa kuti uje ali kuti, anzake n'kuyankha kuti anapita kwawo. Patapita zaka ndinasiya kufunsa. Mtima unachita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Zaka za makuponi zitafika, esiteti ija inayamba kuphwa. Kuponi ya feteleza wotsika mtengo inkatsata dzina, ndipo dzina linkalembedwa kumudzi kwanu. Tenanti kuno analibe mudzi. Ankangoonerera anthu a m'midzi akudutsa ndi matumba pa njinga, iye akudikira phoso la kapitawo. Ndiye ambiri anayamba kuwerengera kuti kuli bwino kubwerera kwawo, akalembetse dzina, akalime kamunda kawo komwe anakathawa kaja. Chaka ndi chaka nyumba za matenanti zinkatsala zambiri zopanda utsi, ndipo zigafa zoyanikamo fodya zinkayamba kupendama.

Chaka chimene ndikunenachi kunabwera alangizi a maphunziro, bambo onenepa bwino a pa njinga yamoto, n'kutiuza kuti ana asamangomva ndi makutu, azigwiranso ndi manja. Anati mutu uliwonse uzikhala ndi chinthu chooneka. Atachoka tinaseka, chifukwa iwo ananyamuka ndi fumbi lawo kutisiyira ife ntchito. Komabe ndinaganiza kuti khoma la Zimbabwe ndi losavuta, tingomanga kakang'ono kuseri kwa kalasi. Vuto linali miyala. Kuchigwa kwathu kuno mwala wogendera galu umachita kuusaka. Koma pa esiteti panali mabani akale anjerwa, otsala nthawi imene ankalima fodya wowotcha ndi nkhuni. Mabaniwo ndi amene anadya mitengo ya dera lonselo, ndipo mitengo itatha nawonso anagwa. Ndinapempha kwa kapitawo, iye anati tengani, zikungosunga njoka. Ana anatuta zidutswa za njerwa pamutu, m'mabeseni ndi m'matumba a feteleza.

M'kalasimo munali mtsikana wina wa tenanti, wamtali kuposa anzake onse, amene ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Sankayankhula kawirikawiri. Mayi ake anamwalira dzinja la chaka chomwecho, mvula ili pakati, misewu itaduka. Panalibe njira yotengera maliro kwawo ku Phalombe, choncho anawaika ku manda a alendo, kachitsamba ka kumapeto kwa esiteti komwe ankaika matenanti ndi ana awo. Aphunzitsi tinapita ku malirowo, tinaimba nawo, tinabwerako. Mtsikanayo anakhala kunyumba sabata imodzi, n'kubwerera pamalo pake pafupi ndi chitseko.

Tsiku lomanga, anyamata anathamangira njerwa ngati akugawa nyama. Anaunjika msangamsanga, khoma n'kugwa, iwo n'kuseka, n'kuyambiranso, n'kugwanso. Ine ndinakhala pamthunzi ndi buku, n'kuwerenga mokweza kuti makoma aja anali otambalala pansi, ocheperako pamwamba, ndipo mwala uliwonse unkagona pa mpata wa miyala iwiri yapansi pake. Anyamata sanamve, anali kalikiliki kukangana. Mtsikana uja anamva. Anasankha njerwa zikuluzikulu n'kuziyala pansi mozungulira, mizere iwiri, kenaka anayamba kusanjika pang'onopang'ono, akuyesa chidutswa chilichonse, kuchitembenuza mpaka chikhazikike. Anzake ataona kuti chake sichikugwa anayamba kumupatsira njerwa. Pofika nthawi yoweruka panali kakhoma kozungulira kofika m'mawondo, kokhala ndi kakhomo. Ndinakakankha ndi phazi, sikanagwedezeke.

Mawa lake ndili pakati polemba zifukwa zija pa bolodi, ndinamva mawu kumbuyo.

"Aphunzitsi, anthu onse ankakhala m'kati mwa makoma amiyalawo?"

Anali mtsikana uja. Ndinamuyankha kuti ayi, m'katimo munali mafumu ndi abale awo. Anthu wamba, olima ndi oweta ng'ombe, ankakhala kunja, m'nyumba zadothi.

"Nyumba zawozo zilipo?"

"Zinasungunuka ndi mvula kalekale."

"Nanga manda awo?"

Ndinayang'ana m'buku ngakhale ndinkadziwa kuti mulibe. Ndinamuuza kuti bukuli silinena, ndipo zimenezo sizibwera pa mayeso. Iye anangogwedeza mutu n'kupitiriza kukopera. Sindinaganizenso za funsolo.

Loweruka masana ndikukonza tcheni cha njinga pakhonde, ndinamva odi. Anali bambo ake a mtsikanayo, munthu wowonda wa ndevu zaimvi pang'ono, chipewa chili m'manja. Mwana wawo anaima kumbuyo chapatali. Ndinawapatsa mpando, iwo anakhala pansi. Titalonjerana anayamba kuzungulira, za kutentha, za mitengo ya fodya, mpaka anafika pa nkhani.

"Aphunzitsi, ife tikunyamuka Lachinayi. Kwathu akulemba mayina a makuponi, ndiye tikachedwa titsalira. Koma mwana wanuyu wandisowetsa mtendere. Akuti tipemphe njerwa zija munamangira kusukulu."

"Za chiyani, bambo?"

Anayang'ana pansi. "Akuti tizungulize pamene pagona mayi ake. Ife chiliza sitingathe. Tinadzala nkhadze, koma mbuzi zinazula. Iye akuti mwawaphunzitsa kuti chopanda mwala chimatha ndi mvula."

Sindinakumbuke kuti ndinanena choncho, koma sindinatsutse. Ndinati njerwazo ndi za esiteti yomweyo, atenge. Bamboyo sanadzuke. Anati pali chinanso. Kumanda salowako chilowelowe tsiku lopanda maliro. Munthu akakuona uli m'menemo wekha ukugwiragwira mtumbira, mawa dzina lako lamveka kuti ndiwe mfiti, ndipo kwa munthu wobwera mbiri yotero imafika kwanu iwe usanafike. M'midzi zikatere mumapita ndi adzukulu, anthu okumba manda aja. Koma manda a alendo analibe adzukulu, ankakumbirana okhaokha matenanti, ndipo amene anakumba manda a mkazi wawo onse anali atapita kale. Kapitawo anawauza kuti apeze munthu wodziwika woti akhale mboni.

"Ndiye tinati aphunzitsi ndi anthu odziwika," anatero.

Ndinavomera chifukwa ndinalibe chifukwa chokanira. Chifundo sindinachimve, ndisanamize. Ndinangoona kuti Lolemba madzulo ndilibe chochita.

Tinagumula kakhoma kaja ana ataweruka, n'kupakira njerwa m'ngolo imene bamboyo anabwereka. Mtsikanayo anapakira nawo, atanyamulanso chigubu cha madzi. Manda a alendo anali ndi mitengo yowerengeka, misuku ndi mombo, osati nkhalango yeniyeni ngati manda a m'midzi. Mitumbira yambiri inali itaphwa kale, ina yongodziwika ndi mbale yadzimbiri kapena kapu yosweka. Titafika m'mphepete, bamboyo anatembenukira mwana wawo.

"Iwe utsale pano. Ana salowa."

Mtsikanayo sanatsutse. Anaima pamene pankathera udzu wa m'munda, ndipo mtumbira wa mayi ake unali pafupi, ankauona bwino. Choncho amene ankadziwa kumanga anatsala kunja, ife osadziwa n'kulowa. Iye ankasankha njerwa m'ngolo, kuwapatsira bambo ake, bambo ake kundipatsira ine. Tinayamba ngati anyamata a m'kalasi aja.

"Ayi ababa, yaikuluyo ikhale pansi."

Tinasintha.

"Aphunzitsi, mwaika mpata pamwamba pa mpata. Igwa imeneyo."

Ndinachotsa n'kuikanso. Ankayankhula motsitsa, monga amayankhulira anthu kumanda, koma sankalekerera njerwa ngakhale imodzi. Bambo ake thukuta linkatsikira m'ndevu. Njerwa zinatha khoma litafika chapakati pa msongolo, lalifupi kuposa la kusukulu chifukwa mtumbira unali wautali. Ndinafunsa ngati tisiye kakhomo monga tinachitira kuja. Mtsikanayo anaganiza pang'ono, n'kunena kuti titseke ponse.

Titatuluka mtsikanayo anatithirira madzi a m'chigubu, tinasamba m'manja ndi kumapazi tisanaponde njira ya kumudzi. Bamboyo anathokoza mobwerezabwereza mpaka ndinachita manyazi. Iwo atapita kukamasula ng'ombe pamene anazimangirira, mtsikanayo anandiyandikira.

"Aphunzitsi, mukamadutsa muziyang'anako."

"Chabwino," ndinatero. Mawu amenewa ndinkayankha aliyense, mwana wopempha kupita kuchimbudzi ngakhale alangizi a pa njinga yamoto.

Lachinayi lole inabwera. Sindinaione, ndinali m'kalasi. Lolemba lotsatira pamalo pafupi ndi chitseko panakhala mwana wina amene ankadandaula za kutentha kutsogolo. Mtsikanayo sanalembe nawo mayeso a mutu umenewo.

Njira yanga yopita kumsika wa pa Mtunthama inkadutsa m'mphepete mwa esiteti, choncho kuyang'anako sikunali ntchito. Ndinkangotembenuza khosi ndili pa njinga, n'kuona kufiira kwa njerwa pakati pa mitengo. Patapita nyengo zingapo mwini esiteti anasiya fodya chifukwa anthu omulimira anasowa. Anayamba kubwereketsa malowo zigawozigawo kwa aliyense wofuna kulima chimanga, anthu a m'midzi ndi ena ochokera kuboma. Obwerawo ankafuna mitengo ya zisakasa ndi nkhuni. Manda a m'midzi palibe angayerekeze kudulamo ngakhale kamtengo kotokosera m'mano, n'chifukwa chake ukaima pachigwa pano n'kuona kankhalango, umadziwa kuti pamenepo pagona anthu. Koma manda a alendo analibe owalankhulira. Misuku inayamba kusowa umodziumodzi. Tsiku lina ndinakumana ndi kapitawo uja, ndinamuuza kuti anthu akudula mitengo kumanda. Anandiyang'ana motopa n'kundifunsa kuti eni ake mandawo ali kuti. Ndinangokwera njinga.

Mitengo itatha panatsala zitsa, zitsa nazo anazitentha. Chaka china ndikudutsa nthawi yososa, ndinapeza malo onse aja aungidwa mizere. Mitumbira inali itafanana kale ndi nthaka, ndipo sindikhulupirira kuti wolimayo ankadziwa chimene khasu lake likudutsa. Mbale zadzimbiri zija anaziunjika kumalire pamodzi ndi zinyalala. Koma pamalo amodzi mizere inakhota, kupita uku ndi uku, n'kukakumananso kutsogolo. Pakati pake panali kakhoma kaja. Ndinayang'ana ndili pa njinga, osatsika. Ndinayembekezera kumva kanthu, kaya chisoni kaya chimwemwe, koma panalibe. Ndinangoti mumtima, mwana uja anawerengera bwino.

Zaka zinapitanso. Dzinja chimanga chinkakabisa, chilimwe kankaonekanso pakati pa mapesi. Mundawo unasintha manja kangapo. Kusukulu ana a zala zakuda anatheratu. Buku langa linathothoka chikuto, koma mutu wa Zimbabwe wakale unkabwerabe nthawi yake. Za kumanga khoma ndinasiya, alangizi aja anali atasamutsidwa ndipo amene anabwera m'malo mwawo ankakonda nyimbo.

Chaka china, nditatsala pang'ono kupuma pa ntchito, ndinajambula khomalo pa bolodi ndi choko, n'kufotokoza monga mwa masiku onse kuti linali lozungulira, lotambalala pansi, lopanda matope. Kumbuyo pafupi ndi chitseko kunakwezeka dzanja. Kanali kamtsikana kochangamuka, ka banja lina lochokera kuboma limene linabwereka munda pa esiteti paja.

"Aphunzitsi, m'munda mwathu muli chotero. Chozungulira, chopanda matope. Koma chathu n'chanjerwa."

Anzake anaseka. Wina anati ndiye kuti kwanu ndi ku Zimbabwe. Iye sanabwerere m'mbuyo.

"Zoona. Ababa amati anamanga ndi anthu akalekale, tisagumule. Amayi amaikapo chigubu cha madzi tikamalima."

"Anamanga ndani?" ndinafunsa, kaya chifukwa chiyani.

"Palibe akudziwa."

Ndinaika choko patebulo. Ndikanatha kunena kuti chabwino n'kupitiriza, ndipo pakamwa panga panali patakonzeka kale kutero. Koma ndinawauza. Ndinati amenewo ndi manda. Ndinati munda wonsewo ndi manda a anthu amene ankalima fodya pa esiteti, ndipo m'kati mwa kakhomako mwagona mayi wa mwana amene ankaphunzira m'kalasi muno. Njerwazo ndinasanjika ndine ndi bambo ake, mwanayo ataima kunja akutiuza poika. Ndinaloza kamtsikanako n'kunena kuti mwanayo ankakhala pamalo pamene wakhala iwepo.

Kamtsikanako kanayang'ana benchi yake, kenaka ine.

"Mayiwo dzina lawo anali ndani?"

Ndinatsegula pakamwa n'kupeza kuti sindikulidziwa. Aliyense ankawaitana ndi dzina la mwana wawo, ndipo pa maliro mlaliki ankangoti mayi athuwa. Ndinati sindikudziwa.

"Nanga abale awo anachokeranji?"

Pa bolodi panali zifukwa za anthu a ku Zimbabwe, zolembedwa bwino, mzere ndi mzere. Ndinati anatsata feteleza. Mwana wina kutsogolo anafunsa ngati zimenezo alembe m'kope. Ndinati asalembe.

Usiku wake ndinagona bwinobwino. Sindinganene kuti china chake chinatseguka mwa ine. Ndinangomva kutopa, kutopa kwa munthu amene wanyamula katundu mtunda wautali osadziwa kuti wanyamula.

Lolemba kamtsikana kaja kanandidikira pakhomo la kalasi anzake atalowa. Kanagwada pang'ono monga amachitira ana akatumidwa ndi akuluakulu.

"Aphunzitsi, ndinawauza kunyumba. Amayi asiya kuikapo chigubu. Njerwa zina zinagwa mbali imodzi, ndiye ababa abwezeretsa dzulo, anapita ndi akulu ampingo."

"Achita bwino. Ukawathokoze."

"Koma akuti muwauze eni ake kuti ife chaka chamawa sitilimanso pamenepo. Nthaka yatha, chimanga sichikubereka ngakhale tithire feteleza. Akuti obwera pambuyo pathu sitikuwadziwa, ndiye eni ake abwere adzaone."

Kanaima kudikira yankho. Ine sindinkadziwa mudzi wawo wa anthu aja, ndinkangodziwa kuti ndi ku Phalombe. Sindinkadziwa ngati bambo aja ali moyo, kapena ngati mtsikana uja anakwatiwa, kapena ngati kuponi imene anaithamangira anaipeza. Nanenso ndinali nditayamba kale kumanga katundu, chifukwa nyumba imene ndinkakhala inali ya sukulu.

"Chabwino," ndinatero.

Kanalowa m'kalasi kokhutira kuti uthenga wafika. Madzulo ake ndinalibe chogula kumsika, komabe ndinatulutsa njinga n'kudutsira njira ya ku esiteti. Mbali imene anakonzayo inkaoneka, njerwa zake zinali zoyera fumbi, ndipo anaika mpata pamwamba pa mpata. Ndinatsika, ndinagoneka njinga m'mapesi, n'kuyamba kuzichotsa imodziimodzi kuti yaikulu ikhale pansi.